Kuboola Makutu: Ntchito ya Kamphindi, Chisamaliro cha Miyezi

Nkhani ya pa wailesi ya sabata ino ikunena za chinthu chimene chimachitika pafupifupi m'mudzi uliwonse ndi m'tauni iriyonse, koma chimene anthu sakonda kukhala pansi ndi kuchiganizira mofatsa. Chinthucho ndi kuboola makutu. Mtsikana akaona anzake atavala ndolo, mtima wake sukhala m'malo kufikira naye ataboola. Amayi ena amaboola makutu a mwana wawo asadayambe n'kukwawa komwe, ndipo masiku ano anyamata ambiri nawonso akuboola. Ntchito yeniyeni yoboolayo imatha m'kamphindi. Koma chimene chimatsala pakhutupo ndi chilonda, ndiponso ndi chilonda chosiyana ndi zinzake, pakuti mwini wake safuna kuti chitsekeke. Amafuna kuti chipole chiri chotseguka, m'kati mwake muli chitsulo. Munthu akamvetsa mfundo imeneyi, malangizo ena onse a kasamalidwe ka khutu savuta kuwatsata.

Mwambo wakalekale

Kuboola makutu sikudayambe dzulo kapena dzana. Akatswiri ofukula zinthu zakale, pokumba manda a mafumu mumzinda wa Ur m'dziko limene lero likutchedwa Iraq, m'zaka za m'ma 1920, adapeza mfumukazi ina dzina lake Puabi imene idaikidwa m'manda ndi ndolo zikuluzikulu zagolide zaka pafupifupi 4,500 zapitazo. Ku Egypt, manda a mfumu Tutankhamun adapezeka mu 1922, ndipo chigoba chagolide chimene chidaphimba nkhope yake chiri ndi makutu oboola. Buku la Eksodo nalonso, pa mutu 21, limasimba kuti kapolo wosafuna kuchoka kwa mbuye wake ankabooledwa khutu pachitseko.

Kuno ku Malawi mwambowu uli ndi mbiri yakeyake. Angoni amene adawoloka mtsinje wa Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba adabwera nawo kuchokera kumwera, kumene Azulu ankaboola makutu a ana asadathe msinkhu pokhulupirira kuti khutu loboola ndilo limamva ndi kusunga malangizo a akulu. Bowo la Mngoni linkakulitsidwa pang'onopang'ono kufikira mwamuna ankatha kupisamo kabango kosungiramo fodya wamphuno, ndipo anthu a mitundu ina amene adalowa pansi pa ulamuliro wa Angoni ankabooledwa makutu monga chizindikiro chakuti tsopano ndi a m'gululo. M'midzi yambiri ntchito yoboola atsikana inkagwiridwa ndi agogo kapena azakhali odziwika ndi dzanja labwino. Iwo ankatenga munga kapena singano yosokera, nasiya ulusi pabowopo, ndipo pambuyo pake ankalowetsamo kaudzu kouma kapena kamtengo kosalala kufikira ndolo zitapezeka.

Omvera ena angafunse kuti, ngati makolo adachita zimenezi popanda dokotala, nanga chovuta n'chiyani lero? Funsoli ndi lomveka, ndipo n'zoona kuti makutu ambiri adapola bwinobwino. Komatu zinthu zitatu zasintha. Choyamba, tsopano zikudziwika kuti pali matenda oopsa amene amayenda m'magazi, ndipo singano imodzi ingathe kuwapatsira kwa anthu angapo. Chachiwiri, misika yadzaza ndi ndolo zotsika mtengo zopangidwa ndi zitsulo zimene khungu la anthu ambiri siligwirizana nazo. Chachitatu, achinyamata sakuboolanso m'munsi mwa khutu mokha monga ankachitira makolo, koma akukwera mpaka kumtunda, kumene chilonda chimavuta kupola.

Zigawo ziwiri za khutu

Munthu akagwira khutu lake amamva kuti liri ndi zigawo ziwiri. M'munsi muli kamnofu kofewa kolendewera, kopangidwa ndi khungu ndi mafuta, ndipo m'kati mwake muli timitsempha tamagazi tambirimbiri. Kumtunda khutu ndi lolimbirapo, limapindika ndi kubwerera m'malo mwake, chifukwa m'kati mwake muli fupa lofewa lija lotchedwa chicherewecherewe, longa limene munthu amakukuta kumapeto kwa fupa la nkhuku.

Kusiyana kwa zigawo ziwirizi kwagona pa magazi. Magazi ndiwo amanyamula chakudya, mpweya ndi asilikali a m'thupi olimbana ndi tizirombo, kotero kuti malo ofika magazi ambiri amapola msanga. Fupa lofewa liribe mitsempha yakeyake ya magazi. Limalandira chakudya kudzera m'kakhungu kopyapyala kamene kalikuta mbali zonse. N'chifukwa chake bowo la m'munsi limapola m'masabata 6 kufikira 8, pamene la kumtunda kawirikawiri limatenga miyezi 6 kapena chaka chathunthu. Ndiponso mafinya akasonkhana kumtunda, amalekanitsa kakhungu kaja ndi fupa lofewa, ndipo fupalo likasowa chakudya limafa. Khutu lotero limafota ndi kukwinyika ngati tsamba lowauka, ndipo silibwereranso mwakale lokha.

Mmene chilondacho chimapolera

M'masiku oyambirira khutu limatupa pang'ono, limatentha, ndipo limapweteka likakhudzidwa. Izi siziyenera kuopsa munthu, pakuti ndi chizindikiro chakuti thupi latumiza magazi ambiri pamalo ovulalawo. Pakapita masiku ochepa pamayamba kutuluka timadzi toyera kapena tachikasu pang'ono, timene timauma ndi kusanduka tinkhanambo m'mbali mwa ndolo. Timadziti si mafinya ayi. Tiribe fungo loipa ndipo timatuluka pachilonda chirichonse chimene chikupola.

Ntchito yaikulu imachitika m'kati, kumene maso saona. Khungu la kutsogolo ndi la kumbuyo limayamba kumera cholowa m'bowomo, monga anthu awiri okumba ngalande kuchokera mbali ziwiri, kufikira likumane pakati ndi kupanga kanjira kokutidwa ndi khungu kuzungulira ndolo. Khungu latsopanoli ndi lanthete kwambiri, silichedwa kung'ambika. Pakhomo pa bowo pamayamba kuoneka bwino m'kati musadapole, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amanamizidwa. Amaona kuti khutu lasiya kupweteka patangotha masabata awiri, nachotsa ndolo kuti avale zina zokongola za ku ukwati kapena ku tchalitchi. Polowetsa zatsopanozo amang'amba kanjira kaja, ndipo thupi limayambiranso ntchito yake pachiyambi. Ngakhale masabata 8 atakwana, kanjirako kamapitiriza kukhwima kwa miyezi ingapo, motero bowo latsopano likakhala masiku angapo lopanda ndolo likhoza kutsekeka.

Chida choboolera

Lamulo la chida ndi lalifupi: singano imodzi, munthu mmodzi, kamodzi kokha. Singanoyo ikhale yatsopano, yochokera m'paketi yomata imene yatsekulidwa woboledwayo akuona.

Chifukwa chake nachi. Kachirombo koyambitsa matenda a chiwindi otchedwa Hepatitis B kamatha kukhala kamoyo kunja kwa thupi kwa masiku 7 kapena kupitirira, ngakhale m'kadontho ka magazi ouma kosaoneka ndi maso. Kachiromboka kamafala mosavuta koposa ka HIV, ndipo kangathe kukhala m'thupi zaka zambiri mwakachetechete kakuwononga chiwindi. Katemera wake adayamba kuperekedwa kwa makanda m'Malawi mu 2002, kutanthauza kuti anthu ambiri obadwa chakacho chisadafike sadaulandire. HIV, imene idapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985, ndiponso Hepatitis C, zingathe kudutsa njira yomweyo. Tsono atsikana asanu a pasukulu yogonera akakhala pabedi limodzi madzulo, nasinthana singano imodzi, aliyense amakhala akulandirako magazi a amene adayamba. Kupukuta singano ndi sipiriti kapena kuidutsitsa pa lawi la machesi sikupereka chitsimikizo chirichonse. M'zipatala zida zogwiritsidwanso ntchito zimaphikidwa m'makina a nthunzi yotentha madigiri 121, kutentha kumene madzi owira mumphika safikako. Munga ndi kamtengo kotola pansi nazo ziri ndi vuto lina, pakuti zingathe kulowetsa kafumbata, amene tizirombo take timakhala m'dothi.

M'matauni mwafala kamfuti koboolera makutu, kamene kamaponya ndolo mwamphamvu kuti ibowole yokha. Kamfutika ndi kofulumira, koma kali ndi zofooka ziwiri. Mitundu yambiri iri ndi zigawo zapulasitiki zosatheka kuphikidwa m'makina aja, ndiponso nsonga ya ndolo ndi yobuntha poyerekeza ndi singano, kotero kuti imaphwanya mnofu m'malo moucheka. Pa kamnofu ka m'munsi vutoli kawirikawiri silikula, koma pa fupa lofewa ndi nkhani ina. Mu 2000, m'chigawo cha Oregon ku America, achipatala adafufuza anthu 118 amene adaboola makutu pa kasitolo kamodzi. Anthu 7, onse a zaka zapakati pa 10 ndi 19, adapezeka ndi tizirombo totchedwa Pseudomonas aeruginosa, ndipo ena 18 adakayikiridwa kuti adali nato. Onse 7 adabooledwa kumtunda kwa khutu ndi kamfuti. Anayi adagonekedwa m'chipatala, ndipo ena adatsala ndi makutu opunduka. Tizirombo tomweto tidapezeka m'botolo la mankhwala opukutira, limene eni sitolo ankangothiramo ena akatha. Phunziro lake ndi lakuti kuwala kwa sitolo sikutanthauza ukhondo.

Chotero wofuna kuboola aziyang'ana zinthu zooneka ndi maso. Kodi woboolayo wasamba m'manja ndi sopo? Kodi wavala magolovesi atsopano? Kodi wapukuta khutu kutsogolo ndi kumbuyo, naika chizindikiro pamalo oboola kuti mwini wake aone pagalasi ndi kuvomereza? Woboola wodziwa ntchito amafunsanso za umoyo wa munthuyo. Amene ali ndi matenda a shuga, matenda a mtima, vuto la magazi osaundana msanga, kapena chitetezo cha m'thupi chotsika, ayenera kuyamba waonana ndi achipatala.

Ndolo zoyamba

Ndolo zoyamba zimakhala m'chilonda usana ndi usiku kwa masabata ambiri, motero sizisankhidwa chifukwa cha kukongola kokha. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo mawu amenewa amakwanira bwino pa ndolo zonyezimira za pamsika. Zambiri mwa izo ziri ndi chitsulo chotchedwa nickel, chimene chimasungunuka pang'onopang'ono chikakhudzana ndi thukuta ndi madzi a m'chilonda. Thupi la anthu ena limachitenga chitsulochi ngati mdani: khutu limayabwa, limachita tizilonda tonyowa ndi kusenda. Choipa kwambiri n'chakuti thupi likayamba kudana ndi nickel, kawirikawiri silisinthanso moyo wonse, ndipo munthuyo amayamba kutuluka zidzolo ngakhale pa wotchi, pa lamba, kapena pa batani la buluku. Kuboola makutu ndi imodzi mwa njira zazikulu zoyambitsira vutoli, ndipo n'chifukwa chake maiko a ku Ulaya adakhazikitsa lamulo mu 1994 lochepetsa nickel m'ndolo ndi m'zokongoletsera zina zokhudza khungu.

Zitsulo zodalirika pa chilonda chatsopano ndi titanium, golide weniweni wa makarati 14 kapena 18, ndiponso chitsulo chosachita dzimbiri cha mtundu wogwiritsidwa ntchito m'zipatala, ngakhale kuti chomalizachi chiri ndi nickel pang'ono amene angavute iwo amene thupi lawo lidayamba kale kudana naye. Ndolo zongokutidwa ndi madzi a golide sizithandiza, chifukwa chokutacho chikasupuka chitsulo cha m'kati chimakhudza chilonda. Ulusi ndi kaudzu nazo sizabwino, popeza zimamwa chinyezi ndi kusunga litsiro.

Ndolo zoyamba zikhale zazing'ono, zopepuka ndi zosalendewera, kuti zisakoledwe ndi duku, chipeso kapena dzanja la mwana wobereka kumbuyo. Kachitsulo kolowa m'bowo kakhale kotalikirapo kuti khutu likatupa lipeze malo. Kotsekera ka kumbuyo kasakanikizidwe mpaka kufinya mnofu, pakuti khutu lotupa lingathe kukamiza ndi kukakwirira, ndipo zikatero kamachotsedwa ndi achipatala pochita kucheka.

Chisamaliro cha tsiku ndi tsiku

Mdani wamkulu wa khutu loboola kumene ndi zala za mwini wake. Munthu amagwira ndalama, chitseko, khasu ndi foni, kenaka mosazindikira amayamba kuseweretsa ndolo. Choncho lamulo loyamba ndi kusakhudza khutulo kupatula nthawi yolitsuka, ndipo nthawi imeneyo ayambe wasamba m'manja ndi sopo.

Khutu litsukidwe kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo, ndi madzi a mchere wochepa. Abwino koposa ndi aja ogulitsidwa m'mafamase, amene ali ndi magalamu 9 a mchere pa lita imodzi, muyeso wofanana ndi wa madzi a m'thupi. Kumene madzi otere sapezeka, munthu angawiritse madzi, nawasiya kuti azizire, nasungunula kota ya supuni ya tiyi ya mchere m'kapu imodzi. Madziwo asawawe mchere kuposa misozi, ndipo apangidwe atsopano tsiku lirilonse. Mchere wochuluka suchiza msanga, umangoumitsa ndi kuwotcha khungu lanthete lija. Kansalu koyera konyowetsedwa m'madziwo kaikidwe pakhutu kwa mphindi zingapo kuti tinkhanambo tifewe ndi kuchoka tokha, kenaka khutu liumitsidwe bwino, makamaka kumbuyo, kumene chinyezi chimakonda kubisala. Tinkhanambo touma tisakandidwe ndi zikhadabo.

Kale anthu ankalangizidwa kuti azizunguza ndolo kangapo pa tsiku poopa kuti ingamatirire ku mnofu. Masiku ano akatswiri ambiri a ntchitoyi amati kuzunguzako n'kosafunika, popeza chitsulo chosalala sichimera pamodzi ndi khungu, ndipo kuzunguza ndolo youma kumakokera nkhanambo m'kati ndi kukala kanjira katsopano. Ngati ndolo iyenera kusunthidwa potsuka, isunthidwe pang'ono pokha, khutu liri lonyowa.

Pali zinthu zimene anthu amakonda kupaka zimene sizithandiza. Sipiriti ndi yabwino popukuta khungu lisadabooledwe, koma ikamathiridwa pachilonda tsiku ndi tsiku imapha khungu latsopano pamodzi ndi tizirombo. Phulusa, parafini, mankhwala otsukira mano ndi ufa wa m'makapisozi ogula pamsika zisayandikire pabowo. Mafuta odzola, mafuta a tsitsi ndi mankhwala owongolera tsitsi nazo zitalikire, ndipo ndi nzeru kukonzeratu tsitsi munthu asadapite kokaboola, kuti okonza tsitsi asamakoke khutulo m'masabata oyamba.

Kusambira m'mitsinje, m'madamu ndi m'nyanja kudikire kufikira chilonda chitapola. Pogona, munthu asatsamire khutu loboolalo, ndipo nsalu ya mtsamiro ichapidwe kawirikawiri. Ichi ndi chifukwa chimodzi chimene oboola kumtunda amalangizidwira kuyamba ndi khutu limodzi, kuti atsale ndi mbali ina yogonera. Foni ndi zomvetsera za m'makutu zipukutidwe, ndipo povala malaya kapena juzi munthu achite mofatsa. Ndolo zoyamba zisachotsedwe ngakhale usiku kufikira masabata 6 atakwana, kapena kupitirira apo ngati khutu likadatulukabe timadzi. Wophunzira amene sukulu yake siloleza ndolo achita bwino kuboola kumayambiriro kwa tchuthi chachitali, osati pakati pa teremu.

Zizindikiro zofunika kuthamangira kuchipatala

Chilonda chimene chikupola chimanka chipepuka tsiku ndi tsiku. Chimene chalowa tizirombo chimanka chikula. Khutu likamapweteka koposa dzulo, likatentha ndi kugunda ngati mtima, kutupa kukamafalikira kutali ndi bowo, kapena pakamatuluka mafinya okhuthara achikasu kapena obiriwira ndi onunkha, ndiye kuti zinthu sizikuyenda bwino. Pa khungu lakuda kufiira sikuoneka msanga, motero munthu adalire kutentha, kutupa ndi kuderapo kwa khungu poyerekeza ndi khutu linzake. Mwanabere kumbuyo kwa khutu kapena m'khosi, kutentha thupi ndi kunjenjemera ndi zizindikiro zakuti matenda ayamba kufalikira.

Vuto laling'ono pa kamnofu ka m'munsi nthawi zina limatha ndi madzi a mchere ofunda pa masiku awiri kapena atatu, koma likapitirira pamenepo pafunika achipatala. Vuto la kumtunda ndiye silidikira n'komwe. Munthu apite tsiku lomwelo, pakuti fupa lofewa lingathe kuwonongeka m'masiku ochepa. Akafika auze dokotala momveka kuti bowolo liri pa fupa lofewa, chifukwa tizirombo ta Pseudomonas sitimva mankhwala wamba operekedwa pa zilonda za pakhungu. Ambiri mwa odwala a ku Oregon aja adayamba alandira mankhwala osagwira ntchito pa tizirombo timeneti. Ndolo isachotsedwe mothamanga dokotala asadaone, chifukwa pakhomo pa bowo pangatsekeke, mafinya n'kutsalira m'kati.

Chipsera chomera

Pali vuto lina limene limadza mochedwa, nthawi zina patapita miyezi khutu litaoneka ngati lapola. Pabowo, makamaka kumbuyo, pamayamba kachotupa kolimba, kosalala ndi konyezimira, kamene kamayabwa kapena kulasa. Kachotupaka kamanka kakula kupitirira malire a chilonda, kuchoka pa msinkhu wa nyemba kufika pa wa dzira la nkhunda kapena kuposa. Madokotala amachitcha keloid, dzina limene dokotala wa ku France, Jean-Louis Alibert, adalipeka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 kuchokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza chala cha nkhanu. Chimachitika pamene thupi silisiya kupanga mnofu wa chipsera ngakhale chilonda chitatsekeka. Si khansa, sichipatsirana, ndipo sichichokera kwa munthu wa maso oipa.

Nkhani iyi ikukhudza kwambiri anthu a mu Africa, pakuti zipsera zomera zimapezeka kawirikawiri pa anthu a khungu lakuda koposa pa azungu. Zimayenda m'banja, ndipo zimakonda kuyamba pa zaka zapakati pa 10 ndi 30. Kafukufuku wina wochepa wa anthu 32, wofalitsidwa ku America mu 2005, adasonyeza kuti amene adaboola ali ndi zaka 11 kapena kuposa ndiwo adamera zipserazi kawirikawiri poyerekeza ndi amene adaboola ali aang'ono. Chotero munthu asadaboole ayang'ane thupi lake ndi la abale ake. Ngati ali ndi chipsera chotukuka pa malo a katemera, pa mphini, pachifuwa kapena paphewa, kapena ngati mayi, bambo kapena m'bale wake ali nacho, nzeru yabwino ndi kusaboola n'komwe. Ndolo zongopanira pakhutu ziripo, ndipo sizisiya chilonda.

Chipsera chomera n'chovuta kuchiza. Chikangodulidwa chabe kawirikawiri chimameranso, nthawi zina chachikulu koposa poyamba, ndipo kuchimanga ndi ulusi kapena kuchicheka ndi lumo kunyumba ndi kuputa mavuto. Kuchipatala amachibaya jakisoni wa mankhwala ochepetsa kukula kwake kangapo, amachipana ndi ndolo zapadera zofinya, kapena amachidula ndi kutsatiza chithandizo china kuti chisabwerere. Chikapezeka chikadali chaching'ono, chithandizo chimayenda bwino koposa. Si kachotupa kalikonse kamene kali keloid. Tina timadza chifukwa cha kukhuzika ndi kutsamiridwa, ndipo timatha tokha chovutacho chikachoka. Wosiyanitsa ziwirizi ndi dokotala.

Za makanda ndi ana

Makolo ambiri amafunsa za msinkhu woyenera. Bungwe la madokotala a ana la ku America limalangiza kuti ndi bwino kudikira kufikira mwana atatha kusamala yekha makutu ake. Makolo amene asankha kuboola khanda adikire kuti liyambe lalandira akatemera ake oyamba, amene m'Malawi amaperekedwa pa masabata 6, 10 ndi 14, ndipo mwa iwo muli woteteza ku kafumbata ndi ku Hepatitis B. Khanda silinena pamene pakupweteka, limagwira khutu ndi manja akuda, ndipo lingathe kumeza kapena kutsamwa ndi kotsekera kakagwa. Ndolo zake zikhale zotsekera mwa kupotokola, ndipo mayi aziyang'ana kumbuyo kwa khutu tsiku lirilonse posambitsa. Khanda loboola makutu likatentha thupi lipite kuchipatala mosazengereza. Mwana wamkulupo afunsidwe maganizo ake, pakuti makutuwo ndi ake, ndipo ndiye adzapirire ululu ndi ntchito yotsuka.

Ngakhale khutu litapola, chisamaliro sichitha chonse. Ndolo zolemera zovalidwa tsiku ndi tsiku zimakoka bowo kufikira litalike, ndipo tsiku lina zikakoledwa kamnofu kamang'ambika pawiri. Ndi bwino kuzisungira masiku a zikondwerero ndi kuzivula pogona. Kubwerekana ndolo nakonso n'kosayenera, makamaka pamene bowo la mmodzi likadali lanthete.

Walira mvula walira matope. Wofuna ndolo wafunanso masabata a kutsuka, kugonera mbali imodzi ndi kuletsa zala zake. Zimene munthu angachite ndi zochepa ndithu: kusankha singano yatsopano, chitsulo chabwino ndi malo oyenera, kusunga ukhondo, ndi kudziwa nthawi yopita kuchipatala. Ntchito yotsalayo ndi ya thupi, ndipo thupi silifulumizidwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.